Ganyu wa cholembera: momwe mungatsatsire nkhani yanu yoyamba kwa mkonzi

Amene muli m'basi mukuchokera ku shifiti ya usiku, pepani ndi ntchito. Anzathu a ku Joni, ku Cape Town, ku Harare, ku South Bend, ndi inu a kuno ku Leeds, takulandirani.

Lero mlendo palibe, ndili ndekha. Nkhani yathu yachokera pa voice note imene ananditumizira chemwali wina wa ku Luton, amene amagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Dzina sinditchula. Iwo anati: "Achimwene, ndinakumvani tsiku lina mukunena kuti mumalemba nkhani ndipo amakulipirani. Ine ndimalemba kuyambira ndili ku sekondale, makope adzaza m'sutikesi. Koma khomo lake lili kuti? Munthu amayambira pati?"

Chemwali, simuli nokha pa funso limeneli. Khomo lake ndi imelo imodzi yaifupi imene olemba amaitcha pitch. Pa Chichewa tingoti kalata yotsatsa nkhani: mumamuuza mkonzi nkhani imene mukufuna kulemba musanailembe, iye n'kunena kuti "ndigula" kapena "ayi". Lero tiiphwanya kalata imeneyo, kuyambira musanailembe mpaka ndalama italowa mu akaunti.

Koma ndidziulule kaye. Ine si mtolankhani. Kusukulu ndinaphunzira za makompyuta, ndipo masana ndimakhala pa help desk, kukonza malaputopu ndi kuthandiza anthu amene aiwala mapasiwedi awo. Kulemba ndi ganyu wanga wamadzulo. Zimene ndinene lero ndazidziwa chifukwa chokanidwa kambiri.

Mmene ndinagwera poyamba

Mu 2021, nthawi ija Covid inatitsekera m'nyumba, ndinakhala masabata atatu ndikulemba chinkhani cha mawu 3,000. Mutu wake unali wakuti "Tsogolo la tekinoloje mu Africa". Ndinachiika m'fayilo ya Word, n'kutumiza kwa akonzi 11 pa imelo imodzi, maina awo onse akuonekera pamwamba. Munthu wa IT weniweni kuchita zimenezo, aaa, mpaka pano zimandichititsa manyazi. Kalatayo ndinaiyamba ndi moni uja wa makalata ofunsira ntchito amene tinaphunzira ku Fomu 2, kenako ndime ziwiri zofotokoza digiri yanga.

Khumi anangokhala chete. Mmodzi yekha anayankha, ndipo yankho lake linali funso la mzere umodzi: "Nkhani yake ndi iti pamenepa?"

Ndinakwiya. Ndinati munthuyu sanawerenge. Mawu 3,000 onsewo, n'kumafunsa nkhani yake?

Chimene chinanditsegula maso ndi ntchito yanga yomwe. Pa help desk munthu akakhala ndi vuto amalemba tikiti. Ndiye pali matikiti amitundu iwiri. Wina amangolemba kuti, "Kompyuta sikugwira ntchito." Basi. Kompyuta iti? Sikuyaka, kapena intaneti ndiyo yavuta? Zayamba liti? Tikiti yotere imakhala pansi pa mulu, chifukwa kuti ndiyambe kuthandiza ndiyenera kuyamba ndamusaka mwiniwakeyo ndi mafunso asanu. Wina amalemba kuti, "Laputopu yanga ikumazima ndikangoilumikiza ku sikirini ya m'chipinda cha misonkhano. Zayamba Lolemba, ndasintha kale chingwe koma sizinathandize, ndipo ndili ndi msonkhano mawa 10 koloko." Ameneyu ndimamuthandiza nthawi yomweyo. Wandiuza chinthu chimodzi, wandiuza chifukwa chake n'chachangu, ndipo wandionetsa kuti wayesapo kale.

Tsiku lina ndikuwerenga tikiti ya mtundu woyamba uja, ndinangoti, eh, koma ndi zimene ndinamutumizira mkonzi uja izi. "Tsogolo la tekinoloje mu Africa" ndi chimodzimodzi "kompyuta sikugwira ntchito". Ndi mutu chabe.

Mutu ndi nkhani

Apa ndiye pagona zonse za lero, choncho tidekhe pang'ono.

Mutu ndi dera lalikulu: kutumiza ndalama kumudzi, moyo wa kunja, achinyamata ndi mafoni. Mutu ulibe munthu, ulibe tsiku, ulibe chimene chasintha. Aliyense atha kuutchula, ndipo mkonzi waumva kale kambirimbiri. Nkhani ili ndi anthu enieni, chinachake chikuwachitikira, ndipo pali funso limene wowerenga akufuna kumva yankho lake.

Titenge kutumiza ndalama kumudzi. Umenewo ndi mutu. Koma mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Munthu akanalemba sabata imeneyo kuti, "Ndalankhula ndi mabanja atatu a kuno amene akumanga nyumba ku Lilongwe, paundi yawo tsopano ikugula makwacha ambiri, koma mtengo wa simenti wathamanga kuposa pamenepo, ndipo mmodzi waimitsa ntchito pa lenta," imeneyo ndi nkhani. Mwaona kusiyana kwake? Muli anthu, muli tsiku, muli kukokanakokana.

Njira yodziyesera ndi iyi. Muuzeni mnzanu ganizo lanu m'ziganizo ziwiri, ngati mukucheza pa foni. Akati "eya, n'zoona", muli ndi mutu. Akati "ah, zoona? Ndiye zinatha bwanji?", muli ndi nkhani.

Dziwani amene mukumugulitsa

Wogulitsa tomato sakatsatsa pa sitolo ya simenti. Musanalembe pitch, sankhani nyuzipepala kapena magazini imodzi, ndipo muiwerenge. Osangoona mitu ayi, werengani nkhani zisanu kapena khumi zaposachedwapa, mpaka kumapeto.

Malo alipo ambiri, ndipo aliwonse ali ndi khalidwe lake. Rest of World, imene inayamba mu 2020, imalemba za mmene tekinoloje ikukhudzira anthu kunja kwa maiko olemera a azungu. The Continent, imenenso inayamba mu 2020 ku Johannesburg, imatuluka sabata ndi sabata ndipo ambiri timailandira pa WhatsApp. Nkhani zake ndi zazifupi chifukwa anazikonza kuti ziziwerengedwa pa foni. African Arguments, ya bungwe la Royal African Society ku London, imakonda nkhani zosanthula ndale ndi chuma. GroundUp ya ku Cape Town imatsata za ufulu wa anthu wamba, kuphatikizapo obwera ngati ife. Ganizo limodzi lomwelo muyenera kulisoka mosiyana pa malo aliwonse mwa amenewa.

Musanyoze magazini a ntchito yanu. Anamwino kuno ali ndi Nursing Times, ife a makompyuta tili ndi Computer Weekly ndi The Register. Kumbukirani kuti nkhani ya makompyuta a Horizon a ku Post Office, imene inadzagwedeza dziko lonse la Britain, inayamba kutuluka mu Computer Weekly mu 2009. Kumalo oterewa, kudziwa ntchito ndi manja anu kumalemera kwambiri. Ndipo amene mtima wanu uli pa Chichewa, kwathu kuli Tamvani mu Weekend Nation, kulinso Fuko. Malamulo a pitch ndi omwewa.

Powerengapo muzifunsa mafunso atatu. Nkhani zawo zimatalika bwanji? Amalola wolemba kunena kuti "ine", kapena amafuna nkhani ya mtolankhani yofunsa anthu ena? Ndipo ganizo langali analembapo kale? Funso lachitatuli ndi losavuta: lembani pa Google mawu akuti site: kutsatiza dzina la webusaiti yawo, kenako mawu a nkhani yanu. Mukapeza kuti analembapo mwezi watha, musatumize, pokhapokha mutakhala ndi chatsopano chimene iwo analibe. Ngati chilipo, nenani poyera m'kalatamo kuti mwawerenga nkhani yawo ija ndipo yanu ikupitirira pati.

Kenako fufuzani tsamba lawo la malangizo kwa olemba. Ambiri ali nalo, ndipo limanena zimene amafuna, zimene safuna, ndi kumene mungatumize. Litsatireni ngati malangizo a mayeso. Ngati palibe, pezani dzina la mkonzi wa gawo limene nkhani yanu ingalowe. Wa zamalonda ndi wina, wa maganizo ndi wina. Maina awo amapezeka pa tsamba la ogwira ntchito, pa LinkedIn, ndipo ena amalengeza okha pa X kapena pa Bluesky kuti akufuna ma pitch a nkhani zakutizakuti. Lemberani munthu mmodzi, pa dzina lake, ndipo dzinalo mulilembe molondola.

Mafunso anayi amene pitch imayankha

Mkonzi ali ngati ine pa help desk Lolemba m'mawa: mulu wa maimelo, nthawi yochepa. Akatsegula yanu, akufuna mayankho anayi. Nkhani yake ndi iti? Chifukwa chiyani ituluke tsopano? Muichita bwanji, mulankhula ndi ndani? Ndipo chifukwa chiyani ailembe ndi inu?

Ndikuwerengereni pitch imene inandidutsa mu 2025, kuti mumve mmene mafunsowa amakhalira pamodzi. Ndinailemba m'Chingerezi, ndaimasulira kuti tonse timvane. Ndinatumiza mu Julayi kwa magazini ina ya pa intaneti yolemba za tekinoloje.

Pa mutu wa imelo ndinalemba kuti: "Pitch: Malaputopu amene Windows 11 yawakana akupita ku Malawi".

M'kati, nditapereka moni wa mzere umodzi, ndinati:

"Pa 14 Okutobala chaka chino, Microsoft isiya kutumiza ma update aulere a chitetezo a Windows 10. Malaputopu ambiri a m'maofesi muno mu Britain ndi amoyo ndithu, koma sangalandire Windows 11 chifukwa alibe TPM 2.0 kapena purosesa yake ndi yakale. Maofesi akuwachotsa, ndipo ena mwa amene akuwagula motchipa ndi Amalawi okhala kuno, amene akuwatumiza kwa abale awo ophunzira ku Zomba ndi ku Mzuzu.

"Ndikufuna kutsatira laputopu imodzi kuchokera pa desiki ya mu ofesi ku Yorkshire mpaka m'manja mwa wophunzira ku Malawi, ndi kufunsa ngati akulandira mphatso kapena vuto. Ndalankhula kale ndi bambo wogulitsa malaputopu akale ku Bradford, mayi wotumiza katundu pa kontena, ndi mnyamata wokonza makompyuta ku Lilongwe amene wayamba kuika Linux m'makina oterewa. Onse atatu avomera kutchulidwa maina.

"Ndine Mmalawi, ndipo ntchito yanga ya masana ndi yomweyi yochotsa makinawa m'maofesi. Nditha kupereka mawu 1,200 pofika pa 15 Sepitembala, pamodzi ndi zithunzi."

Basi, inathera pomwepo. Dzina langa, nambala ya foni, ndi malinki awiri a nkhani zimene ndinalembapo kale.

Tiyeni tiione bwino. Ndime yoyamba ndi nkhaniyo, ndipo ndinailemba mmene ndingayambire nkhani yeniyeniyo. Mkonzi akamawerenga pitch amakhala akuyesanso kalembedwe kanu. Ziganizo zikakhala zopotoka m'kalata ya mawu 200, sangakhulupirire kuti zidzawongoka pa mawu 1,200.

Tsiku lija la 14 Okutobala ndilo yankho la "chifukwa chiyani tsopano". Malaputopu akale akhala akupita kwathu kwa zaka zambiri, ndipo nkhani yomweyi ndikanaitumiza mu 2022 mkonzi akanati, "N'zosangalatsa, mwina tsiku lina." Tsiku linalo silifika. Nkhani imafuna msomali wopachikapo: lamulo latsopano, tsiku lokumbukira chinachake, lipoti limene likutuluka, chisankho. Ndipo onani kuti ndinatumiza miyezi itatu tsikulo lisanafike. Nkhani ya maganizo pa zimene zachitika dzulo imafunika kutumiza lero lomwe, m'mawa. Koma nkhani yofufuza imafuna masabata, ndipo magazini osindikizidwa pa pepala amakonza masamba awo miyezi ingapo pasadakhale. Mukafuna kulemba za 6 Julayi, musayembekeze pa 4 Julayi.

Ndime yachiwiri ndi imene olemba atsopano ambiri timaidumpha, pamene ndiyo imagulitsa. Mawu akuti "ndalankhula kale ndi" ndi olemera kuposa "ndidzayesetsa kupeza". Musanatumize, imbani mafoni awiri kapena atatu. Choyamba, mutsimikize kuti nkhaniyo ilikodi, si maganizo anu okha. Ine poyamba ndinkaganiza kuti nkhani yanga ikhala yodandaula kuti Africa yasanduka dzala la azungu. Mnyamata wa ku Lilongwe uja anandiseka. Anati makinawa ndi olimba kuposa atsopano otchipa amene amawaona m'masitolo, vuto ndi loti makasitomala ake amaopa Linux chifukwa kusukulu anaphunzira Word ndi Excel. Foni imodzi imeneyo inasintha nkhani yonse, n'kuikometsa.

Ndime yachitatu ndi ya "chifukwa chiyani ine". Ziganizo ziwiri zakwana. Digiri yanga sindinaitchule n'komwe. Chimene mkonzi akufuna kudziwa ndi chimene muli nacho chimene mtolankhani wake wa mu ofesi alibe. Ndipo apa, abale anga, ife tili ndi mwayi umene timauona ngati si kanthu. Timalankhula Chichewa, ena Chitumbuka, Chiyao, Chishona. Tili m'magulu a WhatsApp amene mtolankhani wa ku London sangalowemo. Mayi wa kontena uja anandiuza zonse chifukwa timapemphera limodzi. Musapepese kuti ndinu atsopano. Mawu akuti "ngakhale sindinalembepo nkhani" achotseni, sakuthandizani kalikonse.

Nanga ngati mulibe nkhani iliyonse yoonetsa? Musaname, ndiponso musadandaule. Ngati muli ndi chinachake chimene munalemba bwino, kaya m'kalata ya nkhani ya mpingo, kaya pa LinkedIn, ikani linki imodzi. Ngati mulibe, lolani pitch yokhayo ikhale umboni. Muthanso kuyambira pa nkhani ya maganizo kapena ya zimene zinakuchitikirani inuyo, chifukwa pa nkhani zotere akonzi ambiri amalola kuti wolemba watsopano atumize nkhani yonse yomalizidwa. Koma pa nkhani yofufuza, musalembe yonse musanagwirizane. Mkonzi atha kufuna mbali ina, utali wina, anthu ena, ndipo masabata anu atatu apita pachabe ngati anga aja.

Zing'onozing'ono izinso n'zofunika. Zonse zikhale m'kati mwa imelo, osaika fayilo. Ndikunena ngati wa IT: anthu a m'maofesi timawaphunzitsa tokha kuti asamatsegule mafayilo ochokera kwa alendo. Imelo yanu ikhale ya dzina lanu lenileni, osati ija munatsegula muli ku koleji ya dzina lachibwana. Ganizo limodzi pa imelo imodzi. Ndipo iwerengeni mokweza musanatumize. Khutu limagwira zimene diso laphonya.

China chatsopano. Mu Ogasiti 2025 zinamveka kuti Wired ndi Business Insider anachotsa nkhani za wolemba wina wodziyimira payekha, zitaoneka kuti nkhanizo zinapangidwa ndi AI ndipo anthu otchulidwamo sankapezeka. Chichitikireni zimenezo akonzi ali tcheru. Mkonzi wanga anandipempha kuti tionane pa vidiyo kwa mphindi zisanu, ndiponso anafuna manambala a anthu anga atatu aja. Musakhumudwe akatero. Sungani manotsi anu ndi mawu amene munajambula, ndipo pitch muzilemba nokha. Kalata yosalala bwino koma yopanda munthu weniweni m'kati imadziwika msanga.

Mukatumiza

Nthawi zambiri yankho ndi chete. Si chipongwe, ndi mulu uja. Pakatha sabata imodzi, tumizani chikumbutso pa imelo yomweyo, ziganizo ziwiri: mukufunsa ngati anaona, ndipo ngati pali chatsopano chimene chachitika pa nkhaniyo, muwonjezere. Kamodzi kokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha sikutanthauza kudikira munthu mmodzi mpaka Khirisimasi. Pakathanso masiku angapo, isokeninso pitch ija kuti igwirizane ndi malo ena, n'kutumiza kumeneko.

Kodi n'kololedwa kutumiza ganizo limodzi kwa akonzi angapo nthawi imodzi? Ine ndimapita mmodzimmodzi. Nkhani ikakhala yoti iwola msanga, ndimalemba m'kalatamo kuti, "Poti nkhaniyi ndi yachangu, ndikapanda kumva pofika Lachitatu masana ndikaitsatsa kwina." Zimenezi n'zachilungamo ndipo akonzi amazimvetsa. Chimene sakhululuka ndi kuvomera nkhani yanu n'kuipeza yatuluka kwina.

Pitch ya malaputopu ija inakanidwa kawiri isanagulidwe. Woyamba anali chete. Wachiwiri anati nkhaniyo ndi yabwino koma ali nayo kale ina ya Windows 10, ndiye "tumizani ina". Mawu amenewo musawatenge ngati ulemu chabe. Mkonzi wotanganidwa salemba zimenezo kwa aliyense. Ndili ndi ka spreadsheet kamene ndimalembamo ganizo, kumene ndatumiza, tsiku, ndi yankho. Kamandithandiza kuti ndisatumize kawiri kwa munthu mmodzi, komanso kuti kukanidwa kuzioneka ngati mzere wa m'tebulo, osati chiweruzo pa moyo wanga.

Akati "eya"

Apa ndi pamene ife Amalawi timagwa ndi manyazi athu aja. Timangothokoza, n'kuyamba kulemba, ndalama osafunsa. Safunsa anadya phula. Musanalembe liwu limodzi, zinthu izi zikhale pa imelo: mawu angati, tsiku lopereka, malipiro angati, alipira liti, ndipo akasintha maganizo nkhani italembedwa kale adzakupatsani zingati. Chomalizachi amachitcha kill fee. Malo ena salipira n'komwe, ndipo ndi bwino kudziwiratu kuti musankhe nokha ngati mukufuna kulemba mwaulere.

Kuti mudziwe ngati mtengo uli woyenera, kuno ku Britain nthambi ya olemba odziyimira paokha ya ku London ya National Union of Journalists ili ndi Freelance Fees Guide pa intaneti, yaulere. Anzathu a ku South Africa, bungwe la SAFREA limatulutsa lipoti la mitengo ya ntchito zotere. Onani kaye kumeneko musanavomere.

Funsaninso za umwini wa nkhaniyo. Pa lamulo la kuno la 1988, zimene mwalemba ngati wodziyimira payekha ndi zanu, pokhapokha mutasaina pepala lopereka umwiniwo. Choncho werengani kontirakiti. Ngati mukufuna kudzamasulira nkhani yanu m'Chichewa kuti ikatuluke kwathu, nenani pachiyambi pomwe.

Nkhani ikatuluka, tumizani invoisi tsiku lomwelo. Akachedwa kulipira, lamulo la 1998 la ngongole zochedwa likuti ngati simunagwirizane tsiku lina, malire ndi masiku 30. Akapitirira, muli ndi ufulu wowonjezera chiwongoladzanja cha 8 peresenti pamwamba pa cha Bank of England, kuphatikiza £40 ngati ngongoleyo sikufika £1,000. Ine ndinangolitchulapo kamodzi, mwaulemu, kwa kampani ina imene inandizungulitsa miyezi itatu. Ndalama inalowa sabata yomweyo.

Ziwiri zomaliza pa gawoli n'zofunika kuposa zonsezo, makamaka kwa ife obwera. Msonkho: monga zilili panopa, mukapeza ndalama yopitirira £1,000 pa chaka cha msonkho kuchokera ku maganyu odzilemba nokha, muyenera kulembetsa Self Assessment ku HMRC pofika pa 5 Okutobala chakacho chitatha. Ndiye viza. Amene muli pa viza ya sukulu, simuloledwa kugwira ntchito yodzilemba nokha, ndipo kulipidwa pa nkhani ngati wodziyimira payekha kumagwera m'menemo. Amene muli pa viza ya ntchito, kaya Skilled Worker kaya Health and Care Worker, ntchito yowonjezera ili ndi malire a maola 20 pa sabata ndiponso malamulo a mtundu wa ntchitoyo. Werengani pa gov.uk kapena funsani mlangizi wovomerezeka musanatumize invoisi yoyamba. Nkhani imodzi isakutayitseni mapepala amene munawavutikira.

Tibwerere ku Luton

Chemwali, munati mukufuna kulemba za moyo wa osamalira okalamba. Pofika pano mwadziwa kale chimene ndinene: umenewo ndi mutu. Koma mu voice note yanu yomweyo munanena chinthu china mongodutsa. Munati mnzanu wa pa shifiti amathandiza mwana wake homuweki pa vidiyo, ali pa nthawi yopuma m'bandakucha, mwanayo ali ku Blantyre akukonzekera kupita kusukulu.

Imeneyo ndiyo nkhani. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, osamalira okalamba obwera kumene kuchokera kunja analetsedwa kubwera ndi mabanja awo, ndipo pa 22 Julayi 2025 boma linatseka njira yolemba anthu atsopano ochokera kunja pa ntchito imeneyi. Za malamulowa zalembedwa kwambiri. Koma amayi amene analowa pakati pa masiku awiriwa, amene akusamalira makolo a eni dziko pamene ana awo akuleredwa pa foni, angawafikire ndani kuposa inu? Pezani atatu amene angavomere kulankhula. Afunseni ngati akufuna maina awo atchulidwe kapena ayi, ndipo muwafotokozere bwino kuti nkhani ikalowa pa intaneti abwana awo atha kuiona. Mkonzi mumuuze zimenezi m'pitch momwemo.

Chenjezo limodzi. Za okalamba amene mumawasamalira, maina awo, matenda awo, zithunzi za m'nyumbamo, musakhudze. Onaninso kontirakiti yanu ya ntchito pa nkhani yolankhula ndi atolankhani. Ine pa nkhani ya malaputopu ija sindinatchule kampani yanga, ndipo bwana wanga ndinamuuza ndisanatumize pitch.

Homuweki ya sabata ino, kwa nonse amene makope anu adzaza m'sutikesi, ndi iyi. Sankhani malo amodzi, werengani nkhani zawo zisanu. Lembani ganizo lanu m'ziganizo ziwiri, mumuyese nalo mnzanu. Akafunsa kuti "zinatha bwanji?", imbani mafoni awiri. Kenako lembani ndime zitatu zija, n'kutumiza Lachisanu lisanafike. Mukakanidwa, tiuzeni mmene anakukanirani. Amene mwalola, tidzawerenga ma pitch anu muno m'pologalamu popanda maina, n'kuwakonzera limodzi.

Amene mukupita ku shifiti, mugwire bwino ntchito. Amene mukukagona, mugone bwino. Tionana sabata yamawa.